Mawu a Achimwene pa Thanki ya ku Yofu

Ndinadzuka tambala asanalire, msana utauma chifukwa chotsamira khoma la pasiwa. Amayi a mpingo anali atasasa mawu, koma nyimbo sinaleke. Panja mwera unkakankhira utsi wa pamafuwa m'nyumba momwe munagona achimwene anga.

Kutacha anthu anayamba kufika, a ku Khuyu wapansi, a ku Mbungo pa boti. Madzi anavuta. Masiku awiri a malirowo thanki ya mudzi wathu sinadzadzepo, chifukwa zidebe sizinkatha pamzere.

Pampu ya thankiyo inkayendetsedwa ndi kabokosi kotuwa komwe achimwene anapanga atabwerako ku Joni, kumene ankakonza makina a m'fakitale. Kankayatsa ndi kuzimitsa pampuyo kokha. Mapulani ake anawatenga ulere pa intaneti, ndipo zomwe anawonjezera anaziika komweko kuti wofuna atengere. Anajambuliramonso mawu awo, oti aziitana anthu madzi akadzadza.

Njira yochokera kutchalitchi kupita kumanda imadutsa pathankipo. Titafika ndi maliro pansi pa mlambe wa pathankipo, mphepo inangoti zii. Kenako sipika ya kabokosi kaja, yomangiriridwa pamtengopo, inatsokomola, monga ankachitira achimwene asanalankhule.

"Thanki yadzadza. Bwerani mudzatunge, musakankhane."

Nyimbo inaduka. Onyamula maliro anaima. Ine ndinkadziwa kuti madzi adzadza chifukwa mudzi wonse unali kutchalitchi, panalibe wotunga. Komabe nanenso ndinakweza maso. Mawuwo ankachokera kumwamba, mwini wake ali pamapewa a anthu.

Amalume anatola chimwala. "Womwalira salankhula. Tiphwanye chimenechi!"

Mayi wina wachilendo, amene anabwera m'mawa pa boti la ku Mozambiki, anawagwira mkono.

"Pepani bambo, mukaphwanya mumwa chiyani? Mawuwo ndingawachotse lero lomwe. Kwathu ndinapanga kofanana, potsata zomwe malemuwa anaika pa intaneti pamodzi ndi mawu awo. Sitinaonanepo, koma mawu awo timawamva tsiku lililonse."

Tonse tinatembenukira kwa alamu anga, mkazi wa malemu. Anapukusa mutu.

"Asiyeni amalize," anatero.

Tinaima padzuwa mpaka mawuwo anabwereza kachitatu. Amalume anausiya pansi mwala uja. Wansembe anayambitsanso nyimbo, koma ambiri tinkangoyendetsa milomo. Kumanda zonse zinachitika mofulumira, ndipo pobwerera anthu analambalala thanki podzera njira ya kumunda, ngakhale ndi yaminga.

Madzulo mabwato atapita, m'nyumba munatsala ine ndi alamu. Mipando yobwereka inali itasanjikizidwa pakhonde. Tinakhala pamphasa osayatsa nyale. Patapita nthawi anandifunsa ngati n'zoona kuti kutsidya nakonso amuna awo akuitana anthu kumadzi. Ndinati ndi zimene ananena mayi uja.

Anasisita mphasa ndi chikhato.

"Nanga amene taika lero uja ndani?" anandifunsa.