Kamsomali ka Mpeni wa Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene bambo anasiya kuyendetsa thiraki. Sanasiye mwa kufuna kwawo. Anagwa m'mawa wina ali pamzere wa magalimoto paboda, anzawo n'kuwanyamula kuthamangira nawo kuchipatala. Potuluka m'chipatalamo dzanja lamanja linali litafooka, mwendo ankachita kuukoka, ndipo mawu ankabwera mochedwa. Madokotala anati ndi sitiroko. Tinachoka m'nyumba ya lendi pa Boma n'kubwerera kwawo kwa amayi ku Mavwere. Munthu amene anazolowera misewu ya ku Chipata ndi ku Lusaka anayamba kuswera pakhonde, akuyang'ana nkhuku.

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ine woyamba, choncho zimene bambo akanaphunzitsa mwana wamwamuna anaphunzitsa ine: kumata chubu cha njinga, kunola chikwanje, kukhomera khasu mumpini. Anandiphunzitsanso kukonza mpeni wawo wopinda, wa chigwiriro chamtengo chimene chinada ndi thukuta la m'manja. Mpeni wotero chitsulo chake chimazungulira pa kamsomali kamodzi kolowa m'chigwiriro. Kamsomaliko kakakhwepa chitsulo chimagwedera, ndipo posenda mzimbe chimatha kukupindikira pachala. Kukonza kwake si kovuta. Umagoneka mpeni pa chitsulo cholimba n'kumamenya mutu wa kamsomali ndi hamala pang'onopang'ono, mbali iyi kenako inayo, ukuyesa kutsegula ndi kutseka, chifukwa ukapyola muyezo mpeni sutsegukanso.

Nyengo yokumba mtedza itafika, mpeni uja unayamba kugwedera. Sukulu tinali titatsekera, ndipo amayi akamapita kumunda ndi ang'ono anga, ine ndinkatsala pakhomo kuyang'anira bambo. M'mawa uliwonse, akamaliza kumwa phala, ankandituma kukatenga hamala ndi chidutswa cha sipuling'i ya thiraki chimene ankasulirapo zinthu. Hamala ankagwira ndi dzanja lamanzere, mpeni n'kuupanikiza ndi dzanja lodwala lija. Koma dzanjalo silinkamvera. Akamenya kamodzi, mpeni unkaterereka n'kugwera pafumbi. Ine ndinkasiya mbale zimene ndikutsuka, kukautola, kuupukuta pachitenje, kuwabwezera. Posakhalitsa ndinkamvanso wagwa.

Zinatero masiku angapo. Ndinawapempha kuti andipatse ndiwakonzere, iwo anangopukusa mutu. Ndinapemphanso tsiku lina, anati ndiwasiye. Kulira kwa hamala ija kunayamba kundinyansa, ndipo mumtima ndinkati bambo angouma mutu basi.

Kenako kunabwera a Tembo, mnzawo wa bambo wa ku Chipata amene ankayendera limodzi maulendo. Thiraki anaisiya kumsewu wa tala n'kukwera kabaza, atanyamula buledi ndi mizimbe iwiri yaitali. Bambo anasangalala mwa mtundu umene ndinali ndisanauone chibwerere kuchipatala. Anandiuza kuti ndiyale mphasa, nditereke tiyi. Iwo anati asendera okha mzimbe mlendo wawo, kungoti ayambe alimbitsa mpeni.

Anamenya, mpeni unagwa. Ndinatola. Anamenyanso, unagwanso, ulendo uno n'kugwera pafupi ndi nsapato ya a Tembo. A Tembo anachita ngati sanaone, anayamba kufunsa za mitengo ya mango imene inali kuseri kwa khola. Ine ndinaona malovu atatsetsereka pakona ya kamwa ya bambo, thukuta lili mbwee pamphumi. Nkhope yanga inatentha. Sindinkawamvera chisoni ayi. Ndinkachita manyazi kuti mlendo akuona bambo anga ali choncho.

Ndinagwada, n'kusolola hamala m'dzanja lawo. Sindinapemphe. Ndinamenya mbali iyi, ndinatembenuza, ndinamenya inayo, ndinatsegula n'kutseka. Tiyi asanawire n'komwe mpeni unali utalimba nga, ukutseka ndi kaphokoso kake kakale.

A Tembo anaomba m'manja akuseka, n'kuuza bambo m'Chinyanja cha kwawo: "Ba Mbewe, manje mwapumula. Mwana uyu ni makanika weniweni."

Sanalankhule moipa, ndipo bambo anamwetulira ndi mbali ya kamwa imene inkathabe kumwetulira. Mzimbe ndinasenda ndine. Mlendo atapita, bambo anandiitana n'kundiika mpeni uja m'manja.

"Sunga, Esinati. Wamanja pano ndiwe."

Ndinakondwa. Ndinathamanga kukaonetsa asuweni anga, ndipo madzulo amenewo ndinasenda mbatata ndi mpeni wa bambo ndikuimba.

M'mawa mwake sanandiitanitse hamala. Kampira kamene anapatsidwa kuchipatala kuti azifinya ndi dzanja lodwala kanakhala pawindo mpaka kuchita fumbi. Ankakonda kuyenda ndi ndodo kukafika pamtengo wa mango n'kubwerako, koma anasiya. Chakudya ankangolawa. Ine ndinkaona kuti pakhomo pakhala bata, osadziwa kuti batalo ndalibweretsa ndine.

Amayi ndi amene anandifunsa, masana ena tikuthothola mtedza kumunda, kuti mpeni wa bambo ukutani m'thumba langa. Ndinawafotokozera zonse monyadira, ndi mawu a a Tembo omwe. Amayi anasiya kuthothola. Sanandikalipire, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero. Anandiuza kuti bambo anawanong'oneza kuti tsiku limene adzalimbitse okha kamsomali kaja, adzadziwa kuti dzanja likubwerera, ndipo dzanja likabwerera adzagwiranso chiwongolero.

"Iwe unkayesa akukonza mpeni?" anatero, n'kupitiriza ntchito yawo.

Njira yonse yobwerera kunyumba ndinkaganiza chochita, ndipo nzeru imene ndinapeza inali ya mwana. Ndinapita kuseri kwa chigafa cha fodya, ndinalowetsa nsonga ya mpeni m'mng'alu wa chipika, n'kumaupotokola uku ndi uku mpaka chitsulo chinayambanso kugwedera. Pamene kamsomali kanakanira ndinakanyuula ndi msomali wa malata. Kenako ndinapita pakhonde nkhope ili yosalakwa, n'kuwauza bambo kuti mpeni wakhwepanso ndipo ine wandikanika.

Anaulandira ndi dzanja lamanzere, anautembenuza padzuwa. Pachigwiriro chakuda chija panali mikwingwirima yatsopano, yoyera, pamene msomali unaterereka. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Polankhula, mawu anatuluka limodzilimodzi monga mwa matendawo, ndipo lililonse ndinali ndi nthawi yokwanira yolimva.

"Tsiku lija unandilanda ntchito pamaso pa mnzanga. Lero ukundinyengerera ngati khanda. Chachiwirichi ndiye chandiwawa."

Ndinalira pomwepo, nditagwada pafumbi. Sananditonthoze ndipo sanandithamangitse. Anadikira mpaka nditatopa, kenako anandituma kukatenga hamala ndi chitsulo chija. Anati ine ndigwire mpeni, kumenya amenya okha, ndipo ndisawauze pomenya.

Ndinaupanikiza ndi zala zonse. Hamala inkatsika mokhota, nthawi zina pamtengo, nthawi zina pambali penipeni. Kenako inatera pachala changa chachikulu. Ululu unandifika mpaka m'mano. Bambo anaimika dzanja m'malere, akundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti akufuna kusiya. Sindinachotse chala. Ndinangoti, "Menyani, bambo."

Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa nyumba unasuntha n'kutisiya padzuwa. Mpeni unalimba, koma mopyola pang'ono, moti kuyambira tsiku limenelo unkafuna mphamvu potsegula, ndipo mutu wa kamsomali unaphwatalala mbali imodzi. Bambo anaupinda pantchafu n'kuuika m'thumba la malaya awo. Chikhadabo changa chinada, patapita milungu chinathothoka.

Kampira kaja anayambanso kukafinya, ndipo kumtengo wa mango anayambanso kupita. Dzanja linabwerera pang'ono, lokwanira kugwira kapu ndi kumanga mabatani. Chiwongolero sanachigwirenso. Anakhala nafe zaka zina zingapo akumata machubu a njinga za anthu pakhonde lomwelo, ndipo anamwalira ine ndili ku sekondale. Nditakula ndinamva kwa mnzanga wina namwino kuti pa matenda amenewa miyezi yoyambirira ndi imene imafunika kwambiri kuti ziwalo zidzuke. Iye ankangocheza, koma ine ndinakumbukira kampira kali pawindo ndi fumbi lake. Sindidziwa ngati masiku amene anataya mtima aja akanasintha kanthu. Palibe angandiuze, ndipo funsolo ndimakhala nalobe.

Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti tsiku lija sindinathandize bambo. Ndinathandiza manyazi anga, amene sankatha kupirira kuona munthu wamkulu akulephera. Pali ntchito zina zimene munthu amazigwira kuti aone ngati akadali yemwe uja, ndipo ukamugwirira mwachangu umamuyankha funso limene amafuna kudziyankha yekha.

Amayi akalamba tsopano, maso achita khungu pang'ono, koma kusoka sanasiye. Ndikapita ku Mavwere ndimawapeza pakhomo akulimbana ndi kulowetsa ulusi pasingano. Amanyowetsa ulusi ndi malovu, amaphonya, amayesanso, amaphonyanso. Zala zanga zimayabwa. Ndimazipinda m'chitenje n'kumawafunsa za mvula, mpaka ulusi utalowa kapena iwo eni atanena kuti, "Tandithandiza, mwanawe."