Nthiti Zisanu Zopotoka

Pafakitale paja panalibe womuitana ndi dzina lake lenileni. Onse ankangoti Namilimita, chifukwa mayiyo akagwira kathabwa pakati pa zala ziwiri ankadziwiratu ngati kanenepa kapena kaonda, rula asanaitole n'komwe. Anagwirapo ntchito zaka makumi anayi ndi chimodzi, ndipo amene anamupeza atakula ankayesa kuti anabadwa wofatsa choncho. Ayi ndithu. Kale anali wolongolola, woseka mpaka kugwira m'mimba.

Fakitaleyo inali yaing'ono, zipinda zitatu kuseri kwa sitolo ya penti. Inkapanga zombo zamatanga zamakedzana, koma zazing'ono, zoti munthu n'kuika pashelefu. Chombo chathunthu sinkagulitsa. Inkagulitsa bokosi, ndipo m'bokosimo munkakhala msana wa chombo ndi nthiti zake zodulidwa kale, mtolo wa timatabwa topyapyala tokutira nthitizo, timitengo ta milongoti, nsalu ya matanga, ulusi wa zingwe, timizinga tamkuwa tating'ono ngati nyemba, mapulani, ndi kabuku kouza munthu poyambira ndi potsatira. Wogula ankakamanga yekha kwawo, ena miyezi itatu, ena zaka.

Wojambula zonsezi anali amalume ake, mlongo wawo wa amayi ake. Ankalandira zithunzi za mapulani akale kuchokera ku nyumba zosungirako zinthu zamakedzana, zolembedwa ndi anthu amene anafa kalekale, n'kumazichepetsa mzere ndi mzere mpaka chombo chonyamula anthu mazana asanu chikwane patebulo. Anali munthu wamfupi, wa pensulo kukhutu, ndipo chombo chenicheni anali asanakwerepo chibadwire. Anthu akawaseka pa zimenezo ankangoti, "Nanga telala wosoka madiresi amavala diresi?"

Mwana wa mlongo wawoyo anamutenga atangomaliza sukulu kuti azilongedza mabokosi. Poti iye ankangoti amalume, amalume, tsiku lonse, fakitale yonse inatengera. Ngakhale abwana eni fakitale, amene anali aakulu kwa iwo, ankawaitana Amalume.

Tsiku lina nthawi yopuma masana anamupeza akumata zidutswa zotola m'bini, kabwato katayamba kale kuoneka.

"Iwe, wakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, amalume. Ndimangoonera."

Anakatembenuza kabwatoko, anakayang'ana kunsi, n'kukabweza.

"Kuyambira mawa usiye zolongedza. Ine ndikufuna chitsiru."

"Chitsiru?"

"Eya. Ndikajambula chombo chatsopano, bokosi loyamba lizibwera kwa iwe. Uzimanga ngati munthu wosadziwa kanthu, wongotsata kabuku. Pamene wapunthwa, lemba. Usakonze ndi nzeru zako ayi. Wogula alibe malume pafupi."

Uchitsiru umenewo anaugwira zaka makumi awiri ndi chimodzi. M'zaka zimenezo anakwatiwa ndi dalaivala wa basi, anabereka ana awiri, ndipo anamanga zombo khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanazimange munthu wina aliyense. Tebulo lake linali pakona, lodzaza mapegi a zovala opanira timatabwa guluu akamauma. Nthawi ya tiyi ankapita kwa amalumewo ndi pepala la zopunthwa zake.

"Tsamba ili mwati ndikhome matabwa apamwamba. Tsamba lotsatira mukuti ndiike makwerero kunsi kwake. Dzanja ndilowetsa bwanji? Ndisanduke nyerere?"

Amalume ankang'ung'udza, kunena kuti ana a masiku ano alibe ulemu, kuti iwo anayamba kujambula iye asanamere mano. M'mawa mwake masamba aja ankapezeka atasinthana malo. Umo ndi mmene ankakhalira awiriwa, kukangana tsiku lililonse, tiyi kumwera limodzi.

Za maso zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina Amalume anathira tiyi pambali pa kapu. Tsiku lina anapapasa patebulo kufuna rabala ali patsogolo pawo penipeni. Kenako anakokera tebulo lawo kuwindo, akuti chipindacho chachita mdima. Manambala awo, amene kale anali aang'ono ngati nthata, anayamba kufufuma. Namilimita anaona zonsezi, ndipo palibe wina amene anaona. Pa zombo ziwiri zotsatira anapeza zolakwa zoti kale sizikanatheka, n'kuzikonza yekha mwakachetechete, chinthu chimene anamuletsa tsiku loyamba lomwe. Mumtima ankati ndi ulemu. Koma zoona zake ankaopa kuwafunsa, chifukwa sankadziwa kuti akavomera iye adzayankha chiyani.

Ndiye kunabwera chombo chachikulu chija, cha milongoti itatu ndi mizinga makumi asanu ndi limodzi ndi inayi. Amalume anachijambula zaka ziwiri, ndipo ankanena poyera kuti chimenechi ndicho adzakumbukiridwe nacho. Namilimita anaimika nthiti zonse pamsana, n'kuyamba kukutira. Atafika pakati, chombo chinatupa mbali imodzi ngati tsaya la munthu wodwala dzino. Anamasula, anayambiranso. Chimodzimodzi. Kachitatu anayeza nthiti imodziimodzi, ndipo anapeza kuti zisanu zapakati zinali zopotoka kuchokera papulani pomwe. Izi sizinali zokonza mobisa.

Anachinyamula nthawi ya tiyi. Amalume anayendetsa chikhatho pathupi la chombocho, anafika potupa paja, dzanja linaima pang'ono. Olongedza mabokosi anali pomwepo ndi makapu awo.

"Manja ako ndiwo apotoka," anatero Amalume mokweza. "Wakalamba iwe. Namilimita anapita kale, watsala Nasentimita."

Chipinda chonse chinagwa ndi phwete. Iye anasekako pang'ono ndi mano okha, n'kubwerera pakona pake. Dzina latsopanolo linayenda fakitale yonse masiku atatu, mpaka wosesa yemwe anamupatsa nalo moni. Ankati akakumbukira zombo ziwiri zimene anawabisira, mtima unkamutentha.

Lachinayi m'mawa abwana anaitana msonkhano kuti avomereze kudula mabokosi mazana asanu. Munali abwanawo, wodula matabwa, Amalume ndi iye. Namilimita anaika chombo chotupacho pakati pa tebulo. Abwana anachiyang'ana, n'kuyang'ana Amalume.

"Ichi chatani?"

"Womanga wathu wafulumira, bwana. Mapulani ali bwinobwino."

Apa akanatha kutenga rula n'kuonetsa. Akanatha kupempha kuti wodula matabwa amange lachiwiri. Njira zinalipo zambiri, ndipo zaka zonse zotsatira ankaziwerenga imodziimodzi. Koma iye anasolola pepala la nthiti yapakati n'kuwapatsira m'manja.

"Amalume, tandiwerengereni nambala mwalemba pakona apa."

Amalume analandira. Analibweretsa pafupi ndi mphuno. Analitalikitsa. Analipendeketsa kuloza kuwindo. M'chipinda china sowo inali kulira, kenako inasiya.

"Ndaiwala magalasi," anatero chapansipansi.

"Magalasi mwavala, amalume."

Wodula matabwa anangoti maso pansi, kuyang'ana nsapato zake. Amalume anaika pepala lija patebulo mosamala, anachotsa pensulo kukhutu n'kuigoneka pamwamba pake. Anavula epuloni, anaipinda kawiri.

"Bwana, mwanayu akunena zoona," anatero, n'kutuluka. Kapu yawo ya tiyi anaisiya pawindo.

Abwana anati apume kaye mwezi umodzi. Mwezi unatha osabwera, ndipo tebulo lojambulira linapatsidwa kwa Namilimita. Nthiti zisanu zija anazijambulanso m'sabata imodzi. Kenako anafufuza chombo chonse, zidutswa zoposa mazana asanu ndi anayi, akuyembekeza kupeza zolakwa zambirimbiri zoti zimuchotsere manyazi. Sanapeze china. Munthu woona ngati ali mu nkhungu anali atajambula zonsezo molondola, kupatula zisanu. Chombocho chinagulidwa kuposa zonse zimene fakitaleyo inapangapo.

Vuto la maso lija linali ng'ala chabe. Patatha chaka madokotala anawachita opaleshoni, diso ili kenako linzake, ndipo anayambanso kuona mpaka kulowetsa ulusi pasingano. Abwana anatuma uthenga kawiri kuti malo alipo. Amalume anathokoza, koma anakana. Ankakhala pakhonde kukonza mipando yothyoka ya anthu apafupi, ndipo chombo sanachigwirenso.

Namilimita anazengereza miyezi itatu asanapite kunyumba kwa Amalume. Tsiku limene analimba mtima anawapeza akupala mwendo wa mpando. Anadzuka, anapukuta manja.

"Fikani, mayi. Muli bwanji? Nanga ana kunyumba? Bambo akuyenda bwino ndi basi?"

Iye anacheuka, kuyesa kuti pali mlendo wina kumbuyo kwake. Panalibe. Munthu amene anamunyamula ali khanda, amene ankamunena chitsiru zaka zonsezi, anali kumupatsa ulemu wa mlendo. Anamukokera mpando wabwino, anauza azakhali, akazi awo, kuti aike tiyi m'makapu a alendo. Sanamukalipire, sanamunyoze. Akanamutukwana bwenzi zili bwino.

Zinakhala choncho zaka zisanu ndi chimodzi. Ankapitako mwezi ndi mwezi, atanyamula shuga kapena malalanje, n'kukambirana za mvula, za ana, za maliro a uje. Ntchito sinkatchulidwa. Kamodzi kokha, azakhali atalowa m'nyumba, anayesa.

"Amalume, tsiku lija..."

"Mwamva kuti msewu wathuwu akufuna kuuthira tara?" anatero iwo, maso ali pampando umene ankakonza.

Iye anavomera kuti wamva. Ndipo chimene chinkamupweteka pambuyo pake n'chakuti panthawiyo mtima wake unapepuka. Anakondwa kuti amudula pakamwa. Anadziuza kuti ayesanso ulendo wina, ndipo maulendo ena anabwera ambiri, iye osayesa.

Amalume anamwalira ndi chibayo, atadwala sabata imodzi yokha. Maliro atatha, anthu atabalalika, Namilimita anatsalira kuthandiza azakhali kupinda zovala za malemuwo. Anali awiriwiri m'chipinda, dzuwa likulowera pazenera, azakhali akusanja malaya pabedi.

"Ukudziwa," anatero azakhali, "sabata imene anasiya ntchito ija, anali atandiuza za maso. Lolemba lake lomwe. Anati, ine sindikuonanso, ndipo mwana uja wadziwa, amangondisungira. Anati adzakupempha kuti Loweruka uwaperekeze kuchipatala, poti ine mkazi wawo ndimanjenjemera ndi zipatala. Ankachita manyazi kukuyamba pantchito."

Namilimita anaima ndi jekete m'manja.

"Nanga bwanji simunandiuze, azakhali?"

"Ndikanakuuza liti? Lachinayi anabwera masana, epuloni kukhwapa, n'kunena kuti nkhani imeneyo ndisaitchulenso. Ndiye ndinamvera." Anatenga jekete lija m'manja mwake n'kulipinda okha. "Sindikunena kuti ulire ayi. Naonso anali ndi pakamwa poipa, ndinakhala nawo ndikuwadziwa. Ndangoti udziwe."

Pobwerera sanakwere basi. Anayenda wapansi mtunda wonse, ndipo atafika kunyumba anaphika, anadyetsa banja, osauza munthu.

Anajambulabe zombo mpaka zaka zake zopuma zinakwana, zombo khumi ndi zinayi zonse pamodzi, zabwino ndithu. Ogula ankalemba makalata oyamikira kuti timabuku take n'tosavuta kutsata. Koma kuseka kuja kunachepa, ndipo nthawi ya tiyi ankamwera patebulo pake yekha. Tsiku lomutsanzika, mwana wa abwana, amene tsopano ankayendetsa fakitale, anamuuza kuti asankhe chombo chilichonse pashelefu apite nacho. Iye anayang'ana shelefu yonse kuyambira uko mpaka uko, n'kunena kuti kunyumba kulibe malo, komanso zinthu zotere zimasunga fumbi.

Pano amakhala ndi mwana wake wamkazi, amadzala tomato m'zitini kuseri kwa nyumba. Nkhani ya Lachinayi lija anaikamba kamodzi kokha, akuyanika zovala ndi mwana wakeyo. Mwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Koma amayi, inu munkanena zoona. Mabokosi mazana asanu akanawonongeka."

"Zoona zinali kale patebulo paja, aliyense amaziona," anayankha iye, akukung'untha shati yonyowa. "Pepala lija ndinawapatsiranji?"

Mwanayo anatola chovala china n'kupitiriza kuyanika.