Chitenje cha Woyimba ndi Mtondo Wobwereka

Chaka cha 2017 ndinali ndi zaka 68, ndipo ndinali ndisanagwirepo mthiko. Kwathu kuno ku Mavwere mwamuna wa msinkhu wanga amadziwa khasu, chigafa cha fodya ndi njinga. Za kumafuwa ndi za amayi. Akazi anga anandiphikira zaka zoposa makumi anayi, ndipo ndiwo zawo zinali zotendera: nkhwani, chisoso, khwanya, bonongwe, zothira nsinjiro za mtedza wa chalimbana wa m'munda mwathu. Sindinawayamikepo ndi pakamwa. Ndinkangomaliza za m'mbale, iwo n'kudziwa.

Chaka chimenecho, titamaliza kukolola, pamsika pathu panafika lole ya zokuzira mawu. Pamwamba pake panaima woyimba nyimbo zauzimu amene tinkamumva pa wailesi. Dzina lake sinditchula. Anayimba pang'ono, kenako anatulutsa timapepala ta ufa wokometsera ndiwo, nkhope yake ili pa kapepala kalikonse. Anati kunyumba kwake sadya ndiwo zopanda ufa umenewo. Amayi ogula timapepala tambiri ankapatsidwa chitenje. Akazi anga anabwera madzulo atavala chitenjecho, nkhope ya mwamuna wina ikumwetulira m'chiuno mwawo.

"Mwabwera ndi mlendo," ndinatero.

"Ndi munthu wa Mulungu ameneyu. Woyimbira Mulungu sanganame."

"Nanga akayamba kuyimbira ufa?"

Akazi anga anali a kwaya kutchalitchi, ndipo nyimbo za munthuyo ankazidziwa zonse pamtima.

Ndiwo za tsiku limenelo zinali zokazinga m'mafuta, zothira ufa uja, ndi mchere pamwamba. Zinkakoma, ndipo ndinadya. Kuchokera pamenepo nsinjiro zinachoka m'nyumba mwathu. Chifukwa chake ndinkachiona. Kusinja kunkawapweteka msana, pamene kapepala sikafuna munsi, kungong'amba basi. Mtondo umene anapatsidwa ndi amayi awo anaugoneka kuseri kwa khitchini. Chalimbana tinagulitsa yense, ndi mbewu yomwe, n'kudzala mtedza wofiira umene mavenda amafuna.

Patapita zaka zitatu, m'mawa wina anagwa pa mjigo ali ndi ndowa m'manja. Tinawatengera kuchipatala cha ku boma. Anati ndi sitiroko, yochokera ku BP. Dzanja lamanja linafa, pakamwa panapindika, mawu ankatuluka amodziamodzi. Adokotala anali mwana wamng'ono kwa ine, koma analankhula zomveka.

"Agogo, mchere ayi. Mafuta pang'ono. Masamba ambiri, nsima ya mgaiwa. Timapepala tija musiye."

"Ndi timeneto tawagwetsa?" ndinafunsa.

"Sindinganene kuti ndi tokha. Koma mumenemo muli mchere wambiri, ndiye iwo amathiranso wina."

Ndinavomera. Nanenso sindinena kuti woyimba uja ndiye anagwetsa akazi anga. Ndikunena zimene ndinaona.

Tinabwerera kumudzi. Mwana wathu wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anakhala nafe kanthawi, kenako tchuthi chinamuthera. Ankawaphikira masamba owiritsa opanda mchere monga ananenera adokotala. Amayi ake ankalawa kamodzi n'kukankha mbale ndi dzanja lamanzere. Iye atapita, amayi a kwaya ankabweretsa chakudya mosinthana. Ndinalawa tsiku lina, ndinapeza mchere. Ankathira mobisa, chifukwa cha chifundo. Ndinawathokoza n'kuwauza kuti asabweretsenso. Ena anakwiya. Sindinawatsate.

Vuto linatsala ndi ine. Chamchere chikanawapha, chopanda mchere ankachikana. Mankhwala ankamwa ndi madzi okha. Chitenje chimene kale chinkangokumana chinayamba kuwazungulira n'kutsala. Ndinawauza molimba, monga ndimalankhulira.

"Mayi, mukapanda kudya mufa."

Anandiyang'ana. Kenako anakankha mawu amodzi ndi lilime lolemera lija.

"Zo-tendera."

Ndinapita kuseri kwa khitchini. Mtondo unali pomwe anaugoneka. Nditaudzutsa, pansi pake panathothoka n'kutsala panthaka. Chiswe chinali chitadya kale.

Mtondo wina unali kwa alamu anga, mchimwene wawo wa akazi anga, kutsidya kwa dambo. Akazi awo anandibwereka osafunsa zambiri. Ndinaumanga pa kaliyala ya njinga, munsi m'mbali, n'kumakankha. Njira yobwerera imadutsa pansi pa mtengo wa mango pamene amuna amasewera bawo, ndipo alamuwo anali pomwepo.

"Alamu, mtondo pa njinga? Akukutengani liti ku chinamwali?" anatero alamuwo.

Onse anaseka. Wina anati, "Muwagulire ndi mpango womwe, akwanire."

Ndinaimitsa njinga.

"Mlongo wanu sakudya," ndinawauza alamuwo. "Inu mwadya?"

Anayang'ana pa bawo. Ndinapitiriza ulendo. M'mawa mwake ndinapeza lichero la mtedza woswa kale pakhonde, ndi mapazi a alamuwo pafumbi. Sitinakambiranepo za lichero limenelo mpaka lero.

Ndinayala mphasa pakhomo pa khitchini n'kuwakhazika akazi anga kuti aziona. Ndinathira mtedza mumtondo n'kuyamba kusinja ngati ndikuswa miyala. Ndinkaganiza kuti ntchito ya amayi, mwamuna aichita msanga. Mtedza unatuluka mafuta n'kumata, unasanduka chiponde. Iwo anamenya pansi ndi dzanja lamanzere, pha, pha. Ndinasiya. Analoza sefa imene inali pakhoma, kenako anandionetsa ndi dzanjalo mmene munsi umagwera: pang'onopang'ono, osaukakamiza. Kusinja pang'ono, kusefa, zotsala kubwezera mumtondo, kusinjanso. Nsinjiro zizikhala ufa wouma, wouluka. Msana unandipweteka tsiku limenelo, ndipo ndinamvetsa za kapepala kaja.

Nkhwani ndinathyola kudimba. Anandionetsa kusadzula, kuchotsa ulusi wa m'mapesi, ndi kudula. Nditawiritsa ndi tomato, ndinathira nsinjiro n'kuvundula nthawi yomweyo. Zinatuluka zamadzimadzi, pansi zitapserera. Analawa n'kulavula pambali. Sanandinyengerere, ndipo ine sindinafune kunyengereredwa.

Tsiku lotsatira, pamene ndinkafuna kuvundula, anandigwira pamkono. Dzanja lamanzere lija linali ndi mphamvu ndithu. Anandichititsa kuwaza nsinjiro pamwamba pa masamba, kuvindikira, ndi kuchotsa chikuni chimodzi pamoto. Ndinatambasula dzanja kuti ndivundukule.

"Dikirani," anatero. Mawu amenewo anatuluka bwino kuposa onse.

Ndinadikira. Mwamuna wa zaka zanga, wokhala pa chitsa, kudikira mphika. Atagwedeza mutu, ndinavundukula n'kuvundula. Fungo limene linatuluka ndinali nditaliiwala.

Sanadye tsiku limenelo kupatula kulawa. Panapita masiku angapo ndikulakwitsa, lero madzi achuluka, mawa moto wakula. Amayi opita ku mjigo ankachepetsa liwiro akafika pa mpanda wathu kuti amve munsi. Ena ankaseka. Mmodzi anandiuza kuti ndithire kamchere pang'ono, palibe angadziwe. Ndinamufunsa ngati iye ndiye adzakumbe manda. Sanabwerenso.

Masana ena akazi anga ndinawaikira nsima ya mgaiwa ndi chisoso chotendera, n'kupita kukamangirira mbuzi. Nditabwerera, mbale inali yoyera. Ndinayang'ana pansi pa mphasa, ndinayang'ana galu wathu. Galu anali gone kutali. Akazi anga ankanyambita chala. Ndinatenga mbale n'kukatsuka.

Kuyambira pamenepo amadya. Thupi linabwerera pang'ono. Amayenda ndi ndodo mpaka pa mpanda, ndipo akapita ku sikelo ya BP adokotala sakwinya nkhope. Ine ndimaphika kawiri pa tsiku. Ndikudziwa kufutsa masamba kuti tikhale ndi mfutso wa m'chilimwe. Nanenso ndimadya zopanda mchere, chifukwa miphika iwiri sindingathe. Mwana wathu atabwera pa Khirisimasi analawa n'kunena kuti, "Ababa, mwapambana ine." Ndinamuuza kuti adye, asalankhule.

Chitenje cha woyimba uja ndinafuna kuchitentha. Iwo anakana. Ndiye ndimayanikapo mtedza padzuwa, nkhope ija ili pansi pa mtedza, ikumwetulirabe. Munthuyo masiku ano ndimamumva pa wailesi akutamanda sopo. Nyimbo yake ikayamba, akazi anga amagwedeza phazi ndi kung'ung'udza chapansipansi. Wailesi sinditseka. Ndi yawo.

Mtondo wa alamu ndinabweza, nditasema wanga. Si wokongola, koma umasinja. Mbewu ya chalimbana ndinaifunsa ku Chiosya ndi kwa Zulu. Ena ali nayo, koma si ija ya maso akuluakulu imene akazi anga anasankha ndi kusunga chaka ndi chaka kuyambira tili achinyamata. Akalawa nsinjiro za mtedza wina amadya, koma amapukusa mutu.

Akazi anga ali moyo. Zimene zinatayika ndi zisanu: dzanja lawo lamanja, theka la mawu awo, malo awo mu kwaya, mtondo wa amayi awo, ndi mbewu yathu ya chalimbana.