Botolo la ku Kabwata pa Tebulo la Aphungu

Bambo anga ankakhulupirira Nyumba ya Malamulo kuposa mmene ena amakhulupirira tchalitchi. Fakitale imene ankagwirako ntchito ku Heavy Industrial Area itagulitsidwa, iwo n'kuchotsedwa pamodzi ndi anzawo, anadzakhala nane m'kafulati kanga ku Kabwata. Ntchito yawo yatsopano inali yomvera aphungu pa wailesi. Masana Nyumba ikamakumana ankavala jekete, n'kukhala pafupi ndi zenera wailesi ili pamwendo. Ankati nthawi ya chipani chimodzi munthu ankayamba wacheuka asanatchule nduna, koma tsopano nduna imapanikizidwa ndi mafunso dziko lonse likumva.

Ine ndinkagulitsa salaula, zovala zakaunjika, ku City Market, ndipo ndikafika madzulo ndinkamva zonse, kufuna kusafuna. Feteleza wachedwa, aphunzitsi akudandaula, msewu wakuti wakumbika, m'zipatala mulibe mankhwala. Nkhani iliyonse inali ndi funso lake, koma yankho linali limodzi lokha: boma likudziwa za vutolo ndipo likuliyang'ana. Boma limenelo linali ndi maso akuthwa zedi, chifukwa linkangoyang'ana osatopa. Bambo ankagwedeza mutu mokhutira. Mpaka anayamba kulankhula chiphungu m'nyumba. Ndikati shuga watha, ankafuula kuti "Question!" monga amachitira aphungu akamakayikira zonena za mnzawo.

Vuto lathu ife linali pampopi. Mapaipi a m'mafulati athu anali okalamba, ndipo mvula ikayamba madzi ankatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinkawiritsa pambaula mpaka makala kundithera, koma mwana wanga wamkazi, amene anali atangoyamba kulankhula, sankasankha. Ankamwa a m'beseni, a kwa aneba, alionse amene wawapeza. Kutsegula m'mimba sikunkamusiya. Anaonda mpaka ndinkaopa kumusambitsa masana anthu akuona.

Mkulu wanga wamkazi ankakhala ku Woodlands, m'nyumba yokhala ndi chitsime chakechake, ndipo analibe mwana. Anandiuza kangapo kuti ndimupatse mwanayo akakhale naye. Ndinkakana. Ndinkadziwa kuti mwana akachoka pamsinkhu umenewo sabwerera ali wako, ndipo zimenezo zinkandiopsa pafupifupi mofanana ndi matendawo.

Bambo ndi amene anabwera ndi nzeru. Anandifotokozera kuti m'Nyumba ya Malamulo muli lamulo lakuti phungu akatchula umboni ayenera kuuika pa tebulo lalikulu la kutsogolo kwa Sipikala. Chinthu chikangofika pa tebulopo, palibe nduna imene ingachikane.

"Osamupeleka mwana ku Woodlands," anatero. "Yembekeza chabe. Botolo ikafika pa tebulo, mapaipi bazachinja."

Anatunga madzi m'mawa mpopi utangotsegulidwa, pamene amakhala oipitsitsa, n'kuwathira m'botolo lagalasi. Tinakwera minibasi kupita ku Kabulonga, kwa phungu wina wa chipani chotsutsa amene bambo ankamukonda chifukwa cha pakamwa pake. Kumeneko mipanda ndi yaitali, ndipo madzi oyera ankathiridwa pa kapinga ife tikuona. Phunguyo sitinamupeze. Tinapeza mlonda pageti.

"Shani ba gadi," anatero bambo pomulonjera mlondayo. "Iyi botolo ni ya ba honourable. Manje mvelani bwino. Mubauze ati bakalibe kuonesa bantu, bachite shake, monga mankwala ya chifuwa."

"Osavutika mdala, nizabauza," anayankha mlondayo, maso ali pa galimoto imene inkafuna kulowa.

Tinadikira. Mafunso m'Nyumba muja amakhala pamzere ngati anthu pachigayo, ndipo lathu lisanafike aphungu anapita kutchuthi. Mwana anagonekedwanso kuchipatala, n'kutuluka. Mkulu wanga anasiya kundipempha, anangoyamba kundiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunkandipweteka kuposa mawu.

Tsiku limene funso lathu linafika ndinali pakhomo, chifukwa mwana anali atayambanso kutsegula m'mimba. Ndinali pansi ndikumumwetsa madzi a shuga ndi mchere ndi kasupuni pamene bambo anakuwa kuti ndibwere msanga. Pa wailesi phungu wathu uja anali ataimirira. Analankhula bwino, sindingamunamizire. Anati ana a ku Kabwata akumwa matope, ndipo umboni ali nawo m'manja. Sipikala anamuuza kuti auike pa tebulo. Tinamva kugunda kwa galasi pa thabwa. Bambo anandigwira dzanja.

Kenako tinamva kuseka.

Nduna inaimirira mosapupuluma. Inati ikutha kuona nkhope ya phungu wolemekezekayo kudzera m'botolomo, ndipo ngati anthu a ku Kabwata akumwa madzi oyera chotere, ikuthokoza a chipani chotsutsa poyamikira ntchito za boma. Aphungu a mbali ya boma anaseka mokweza mpaka Sipikala anachita kuwaletsa.

Ndinazindikira nthawi yomweyo. Botolo lija linakhala phee nyengo yonseyo, kaya m'galimoto kaya pashelefu, ndipo matope onse anadikha pansi. Uthenga wa bambo unathera pageti.

"Khutchumulani!" anafuula bambo ataimirira. "Shake, ba honourable, shake!"

Phunguyo sankamva, choncho bambo anayamba kukhutchumula wailesi ndi manja awiri mpaka mabatire anagwa n'kugubuduzikira pansi pa mpando. Pamene ankawatola n'kuwabwezera, Nyumba inali itapita kale pa funso lina, la njovu zimene zinkadya chimanga kwinakwake kutali. Boma linkadziwanso za njovuzo.

Sindinakangane nawo bambo. Anakhala pansi, jekete ili pathupi, mpaka mdima. Ndinawamvera chisoni, koma ndinalinso ndi mkwiyo, chifukwa ndinadikira miyezi yonse ija ndi mwana wodwala poyembekeza tebulo limene sindinalionepo. M'mawa mwake ndinalongedza tizovala ta mwana mu chikwama cha pulasitiki, n'kumubereka kupita ku Woodlands.

Mwanayo anachira, ndipo ananenepa mpaka masaya kutuluka. Ndinkapita kukamuona Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi. Bambo nawo sanasiye wailesi yawo. Patapita nthawi anayambanso kunena monyadira kuti chilichonse choikidwa pa tebulo chimasungidwa, ndiye kuti madzi a mpopi wathu ali m'mbiri ya dziko.

Lamlungu lina ndinafika ndili ndi kadiresi kamene ndinamusankhira m'belo yatsopano ya salaula. Ndinamupeza akusewera pa kapinga, paipi ya madzi ili m'manja. Atandiona anaseka, n'kuthamangira m'nyumba kwa mkulu wanga akufuula.

"Mami, mami, babwela ba anti ba ku Kabwata!"