Nkhuku ya Pachilumba Inandisiyitsa Sitima

Ndivomere poyambirira kuti chimene chinandipusitsa ndi ulemu wanga womwe, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimadzipsera mtima.

Titakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu m'banja, mwana wathu Tadala, amene amagwira ntchito ku Loughborough, anatikonzera ulendo wa pa sitima yapamadzi wokaona zilumba za ku Polynesia. Pa tsiku lenileni lokumbukira ukwati wathu, sitima inaima pa kachilumba kena. Ogwira ntchito m'sitimamo anatiuza kuti aliyense akhale atabwerera pofika folo koloko. Madzulo ake kunali tebulo lathu ndi keke yolembedwa maina athu awiri.

Inu owerenga, munthu amene wakhalitsa ku Beaumont Leys kuno ku Leicester, kumene chinangwa sichilimidwa, akaona chinangwa chili m'munda, mutu umasokonekera. Ndinaima pa mpanda wa bambo wina wachikulire n'kuyamba kuyamikira chinangwa chake ndi nthochi. Bamboyo anakondwera, natilowetsa pakhomo. Tisanakhazikike n'komwe, nkhuku inali itaphedwa. Tsoka lake, sanaiike mu mphika. Anaikulunga m'masamba, n'kuikwirira m'dzenje la miyala yamoto, ndiye tonse n'kumadikira ngati tikudikira mvula.

Itakwana fili koloko mkazi wanga anandikodola. "Bambo a Tadala, tiyeni. Sitima si minibasi ya ku Limbe."

Ine ndinakana. Kwathu munthu akakuphera nkhuku suchoka usanalawe, nanga ndikanayamba bwanji kunyoza mwini khomo? Mayi a Tadala anatola chikwama chawo n'kumapita. Mumtima ndinkati sitima singasiye munthu pamene mkazi wake ali m'katimo.

Lipenga la sitima linalira nditangogwira ntchafu ya nkhuku. Ndinathamanga ndi mimba yangayi mpaka kudoko, koma pakati pa ine ndi sitima panali patadzaza kale madzi. Pasipoti yanga a m'sitima anali ataisiya kwa mkulu wa padoko mu envulopu.

Chimene chinandiwawa koposa ndi mawu a bambo uja nditabwerera kwawo mwamanyazi. Anadabwa kuti bwanji sindinanene kuti nthawi ya sitima yakwana. Anati akanangondithyolera nthochi n'kundiperekeza, nkhukuyo n'kudya ndi banja lake, chifukwa pachilumbapo aliyense amadziwa kuti sitima sidikira munthu. Ulemu umene ndinkaufera uja iwo sankaufuna n'komwe.

Sitimayo ndinakaipeza pa chilumba china patatha masiku atatu, nditakwera kandege. Keke ija mayi anadula okha pamaso pa anthu osawadziwa, mpando wanga uli wopanda munthu. Sanandikalipire. Anangondisungira chidutswa chouma pamene panali dzina langa.

Abale anga, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambo wa kwanu musamawasenzetse anthu amene sanaupemphe, ndipo mkazi wanu akati tiyeni, nyamukani. Kuno ku Leicester, Lamulungu lililonse ikangokwana naini koloko, mayi amaliza galimoto kupita kutchalitchi, kaya ndavala nsapato kaya sindinavale. Ine ndimatsatira pa basi.