Nsabwe za M'madzi za Kuphiri

Nkhondo itafika kwathu ku Mandimba, asilikali a Apwitikizi anayamba kusonkhanitsa anthu m'midzi yozingidwa ndi waya. Amuna anga sakanalowamo, ankafunidwa chifukwa chopatsa chinangwa anyamata omenya nkhondo m'tchire. Ndiye tinathawira kumapiri a ku Ngauma: ineyo, iwowo, khanda lathu, ndi mlamu wanga, mchemwali wawo wa amunawo, munthu wolongolola ngati wailesi.

Pamwamba pa phiri panali dziwe limodzi lokha, lozizira moti mano ankachita kuwawa. M'madzimo munali tizilombo tofiira, tochepa kuposa njere ya mawere, tosambira modumphadumpha. Ife tinkangoti nsabwe za m'madzi. Tsiku loyamba ndinachita nazo nseru. Koma masiku amenewo kunali mphekesera zoti madzi akuthiridwa chiphe, ndipo moto wowiritsira sitikanakoleza, utsi ukanaitana ndege. Amuna anga anati, "Ngati zazing'ono chonchi zili moyo, ifenso tikhala moyo." Basi, linakhala lamulo. Tinkatunga mbandakucha kapena dzuwa likamalowa, nthawi yoti ndege siziuluka, n'kusefa pa nsalu ya kapulana, n'kuyang'ana pansalupo. Zikamaphiriphitha, timwe. Madzi oyera mbee ndi amene tinkawaopa.

Ndinazizolowera nsabwezo. Zina zinkanyamula timatumba tiwiri ta mazira kumbuyo, ngati mayi wopita kuchigayo. Zina zinali zoyera, zooneka mpaka m'kati, ndi kadiso kamodzi kakuda. Mvula ikagwa zinkachuluka, nyengo yozizira zofiira ndi zimene zinkatsala. Ndikatha kusefa ndinkatsukira nsaluyo m'dziwe momwemo kuti zibwerere kwawo. Mlamu ankandiseka, "Alamu, mwayamba ziweto?"

Mwezi wina wa dzuwa khanda linayamba kutsekula m'mimba, madzi a m'mawa onse anathera pamenepo. Mlamu anatenga chipanda dzuwa lili paliwombo, ulendo wa kudziwe. Anabwera akuthamanga.

"Achimwene! Nsabwe zatha! Atithirira chiphe!"

Anatambasula kapulana. Mbee, ngakhale imodzi. Amuna anga anapita okha kukatunga m'mphepete, anasefa, anabwerezanso, nsalu yokhayokha. Sanatsutse. Mkaka wanga unali utayamba kuchepa, ndipo mwana wotsekula sadikira.

Amuna anga anaswali, pemphero lathu la Chisilamu, atadzipukuta ndi fumbi m'malo mwa madzi, kenako anamangirira zipanda ziwiri kundodo. "Amake mwana, musamwe. Ndikatunge kuchigwa, ndibwera dzuwa lisanalowe." Mtsinje wa kuchigwako unkadutsa pafupi ndi mudzi wa waya. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Madzulo ndinapita kudziwe, osati kukatunga zakumwa, kungoti nditsukuluze nsanza za mwana. Ndinavuula nsalu, ha! Yonse psuu. Nsabwe zili piringupiringu, zonenepa, zamoyo. Sizinafe ayi. Kungoti dzuwa likawala kwambiri zimatsikira pakuya, madzulo n'kukweranso. Ife tinali tisanatungepo masana, ndiye tikanadziwira kuti? Ndinamwa pomwepo mpaka mimba kuwawa, maso ali kunjira ya kuchigwa. Ndinapsa mtima koopsa, koma womupsera mtima panalibe. Mlamu ananena zimene anaona, ndipo amuna anga anaona zomwezo.

Khanda linachira. Pano ndi bambo wa ana, amagwira ntchito ya njanji ku Cuamba, kumene ndimakhala naye. Madzi a pampopi kuno ndi oyera mbee, ndipo mpaka lero ndimayamba ndawasuzumira ndisanamwe.

Za amuna anga tinamva kwa mayi wina wotola nkhuni amene tinakumana naye m'munsi mwa phiri. Anati asilikali anawagwira pamtsinje, chipanda chimodzi chitadzaza kale, n'kuwakweza galimoto. Kupitirira apo palibe amene anatiuza kalikonse, ngakhale nkhondo itatha.

Tinakhala kuphiriko mpaka mvula itagwa. Mlamu anasiya kulongolola, anasiyanso kundiseka. Madzulo aliwonse ankasefa madzi yekha, n'kuyang'anitsitsa pansalu, kenako ankapatula chikho cha achimwene ake n'kuchivindikira ndi tsamba. M'mawa ine ndinkapita kukachikhuthulira m'dziwe.