Ulusi wa Juzi ya Amayi

Lero m'minibasi ya ku Mponela ndakhala pafupi ndi mtsikana wovala kaulusi kofiira pamkono, ndipo mtima wanga wabwerera kumudzi.

Chaka chimene chikuku chinatenga mng'ono wanga, amayi anasolola ulusi wofiira ku juzi yawo n'kundimanga pamkono. Unkanunkhira utsi ndi fodya wa m'chigafa. Mkulu wa mpingo atauona anati, "Mayi, zachikunja izi. Dulani."

Amayi anagwada mwaulemu. "Abambo, mmodzi ndaika kale. Uyu mundisiyire."

Dzinja la chaka chomwecho malungo anandigwira, ndipo amayi anandibereka m'matope mpaka kuchipatala ku Ntchisi. Dokotala anali mzimayi wachimwenye. Atagwira mkono wanga wotentha anauona ulusiwo. Amayi anaumitsa nkhope, kudikira kukalipiridwa.

Dokotalayo anangopinda mkono wa malaya ake oyera. Nayenso anali nawo, wofiira, wothetheka.

"Anandimanga amayi anga ndikuchoka kwathu," anatero m'Chichewa chopotoka.

Amayi anaukhudza ndi chala chimodzi. "Ali moyo?"

"Ali moyo."

"Ndiye muziwalembera kalata, adokotala. Sagona tulo amenewo."